Nickel, kopa ndi CO2: zolemba za kachipangizo kathu ka mu labotale

Zolembazi ndi za kachipangizo kamene tamanga pa tebulo la mu labotale, kophatikiza mpweya wa carbon dioxide (CO2) ndi hydrogen pamwamba pa chitsulo chotentha kuti patuluke methane, mpweya woyaka, ndipo pambuyo pake methanol, madzi oyaka onga spiriti. Chitsulo chofulumizitsa ntchito chonchi chimatchedwa katalisiti. Ndikulembera amene akufuna kuyamba ntchito yomweyi ali ndi zipangizo zochepa. Mabuku amafotokoza bwino zimene chitsulocho chimachita, koma amangolambalala nkhani ya kutentha, madzi ndi zonyansa za mu mpweya, pomwe nthawi yathu yambiri yathera pamenepo.

13 Januwale: zogula

Molekyu imodzi ya CO2 ikakumana ndi mamolekyu anayi a hydrogen pa nickel wotentha, pamatuluka molekyu imodzi ya methane ndi awiri a madzi. Paul Sabatier ndi Jean-Baptiste Senderens anaonetsa zimenezi ku Toulouse, ku France, mu 1902, ndipo mpaka lero mafakitale akudalirabe nickel yemweyo. Fakitale ya Great Plains ku North Dakota, ku America, yakhala ikupanga methane kuchokera ku malasha kuyambira 1984, ndipo ya Audi ku Werlte, ku Germany, inayamba mu 2013 ndi hydrogen wopangidwa ndi magetsi. Ruthenium amagwira bwino pa kutentha kocheperako, ndipo ndi amene anaikidwa m'makina ochita ntchito yomweyi pa International Space Station, labotale ya mumlengalenga, mu 2010, koma mtengo wake sitingaufikire. Tayamba ndi nickel.

Tagula mchere wobiriwira wa nickel nitrate, timibulu ta gamma alumina (aluminium oxide wa timabowo tambiri) toti nickel akhalepo, chubu cha quartz cha mamilimita 10 mkati, ubweya wa quartz wotsekera, ng'anjo yozungulira chubu, ma thermocouple (mawaya oyezera kutentha) a mtundu wa K, ndi masilinda a hydrogen, CO2 ndi nitrogen.

Wokonza bajeti adziwe kuti katalisiti ndiye chinthu chotchipa kwambiri pa tebulo lonseli. Ndalama zapita ku ma mass flow controller atatu oyeza mpweya wolowa, ku silinda yaing'ono ya mpweya wosakanizidwa kale woyesera makina, ndi ku mabelu awiri ochenjeza, lina la hydrogen lina la CO (carbon monoxide, mpweya wa poizoni). Mabeluwo sitinakambirane n'komwe zowasiya. Hydrogen amayaka akakhala pakati pa 4 ndi 75 peresenti mu mpweya wa m'chipinda, ndipo CO alibe fungo.

21 Januwale: kumwetsa alumina

Tikufuna magalamu 10 a katalisiti yokhala ndi nickel 15 peresenti. Mu mchere wa nickel nitrate wokhala ndi madzi ake, nickel ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu, choncho pa magalamu 1.5 a nickel pafunika magalamu 7.4 a mchere, pa magalamu 8.5 a alumina.

Njira yake ndi yosungunula mcherewo m'madzi ongokwanira kudzaza timabowo ta alumina, osatsala ena pambali. Timabowoto tinatiyeza podontheza madzi pa galamu imodzi ya alumina wouma mpaka atayamba kunyezimira. Vuto loyamba linabwera pomwepo: mchere wochuluka chonchi ukasungunuka umaposa malo a m'timabowomo. Tinaugawa pawiri, kumwetsa theka, kuumitsa, kenako kumwetsanso theka lotsalalo.

Kuumitsa ndiko kunatiphunzitsa kwambiri. Gawo loyamba linalowa mu uvuni wa madigiri 110 litangomwa. Titaswa kambulu kamodzi ndi mpeni, kunja kunali kobiriwira kwambiri ndipo pakati panali poyera mbee. Mchere umenewu umasungunuka m'madzi ake omwe pa madigiri pafupifupi 57, ndiye ukatenthedwa mofulumira umayenda ndi chinyezi n'kukaunjikana kunja. Nickel wounjikana chonchi amadzapanga timiyala tikulutikulu, pomwe ife tikufuna ting'onoting'ono tomwazikana. Panopa timasiya timibuluto pa tebulo usiku wonse, kenako pa madigiri 50, kenako 110. Mtundu wake tsopano ndi wofanana mpaka pakati.

29 Januwale: kuwotcha

Tawotcha pa madigiri 450 kwa maola anayi, tikukweza madigiri 2 pa mphindi, mpweya wamba ukudutsa. Apa pamatuluka utsi wofiirira wa nitrogen dioxide, woopsa m'mapapo, choncho zonse zimachitikira m'kabati yokoka utsi. Timibulu tasintha kuchoka pa kubiriwira n'kukhala totuwa moderapo.

Kagawo kena tinakawotcha dala pa madigiri 800 kuti tione zimene mabuku amanena. Kanatuluka ndi mtundu wonga wa buluu, chizindikiro chakuti nickel walowa mkati mwa alumina n'kupanga nickel aluminate, ndipo hydrogen amavutika kwambiri kumutulutsamo. Ng'anjo yanu ikakhala yokonda kupitirira pamene mwaiika, mtundu umenewu ukuuzani musanayatse makina aliwonse.

10 Febuluwale: kufufuza pamene mpweya ukuthawira

Hydrogen amadutsa pamene nitrogen amakanika kudutsa. Tinadzaza mapaipi ndi nitrogen, kutseka mavalavu, singano ya geji osasuntha. Titaika hydrogen wosungunulidwa mu nitrogen, kachipangizo kofufuzira kanalira pa mfundo yolumikiza chubu cha quartz ndi paipi yachitsulo. Mphira wa pamenepo unali pafupi kwambiri ndi ng'anjo ndipo unauma. Tinagula chubu chachitali kuti mfundozo zikhale kutali ndi moto.

Kenako tinayendetsa CO2 ndi hydrogen m'chubu chopanda katalisiti. Methane pang'ono anatulukabe. Chikuto cha thermocouple ndi chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo mtundu wa 316 uli ndi nickel pakati pa 10 ndi 14 peresenti. Thermocouple tsopano ili m'kachubu kake ka quartz kotseka kumapeto, ndipo methaneyo wasowa. Kuyesa chubu chopanda kanthu kumaoneka ngati kutaya tsiku, koma popanda iko tikanalembera katalisiti ntchito imene sinagwire.

18 Febuluwale: moto wa mkati

Tinasinja timibulu, kusefa, n'kusunga tapakati pa ma micrometer 250 ndi 425. Ufa wosalala kwambiri umatseka njira ya mpweya, ndipo timibulu tikulutikulu timasiya mipata m'mbali mwa chubu. Tinayendetsa hydrogen pa madigiri 500 kuti achotse okosijeni pa nickel. Timadontho ta madzi tinaoneka kumapeto kozizira kwa chubu ndipo katalisiti inada bii.

Tinatsitsa ng'anjo pa madigiri 300, n'kutsegula CO2, hydrogen ali wochuluka kanayi. Thermocouple ya pa khoma la ng'anjo sinasunthe, koma ya mkati mwa katalisiti inayamba kukwera mofulumira ndithu, mpaka inasiya inzakeyo kutali. Mole iliyonse ya CO2 (ndiye kuti magalamu 44) yosanduka methane imatulutsa kutentha kwa ma kilojoule 165, ndipo pafupifupi konseko kumatulukira pa mamilimita oyamba a katalisiti, pamene mpweya ukadali watsopano. Alumina satulutsa bwino kutentha, quartz naye chimodzimodzi, ndiye moto umadziunjikira pamalo amodzi.

Zotsatira zake zinaoneka pa zotuluka. Methane anachepa ndipo CO anachuluka. Zili choncho chifukwa pali njira ina imene imapikisana ndi yathuyi, yoti CO2 ndi hydrogen apange CO ndi madzi. Njira imeneyo imameza kutentha, ma kilojoule 41 pa mole, choncho imakula pamene pakutentha kwambiri, pomwe yopanga methane imabwerera m'mbuyo. Kukadutsa madigiri 450 kapena 500, ngakhale katalisiti yabwino chotani siingakubwezereni methane wotayikayo. Choipa china n'chakuti timiyala ta nickel tikatentha kwambiri timayenda n'kuphatikizana, ndipo sitilekananso. Titatsitsa moto mawa lake, katalisiti ija sinafikenso pamene inayambira.

Takonza zinthu zitatu. Tachepetsa katalisiti kufika pa theka la galamu. Taisakaniza ndi timiyala ta silicon carbide tochuluka kuposa iyo, chifukwa iti timayendetsa bwino kutentha ndipo sitilowerera ntchito. Ndipo CO2 tikumutsegula pang'onopang'ono, nitrogen akuthandiza kunyamula moto. Kachubu ka thermocouple takapanga koti waya wake uzitha kukokedwa m'mwamba ndi pansi, kuti tiziyeza kutentha m'litali monse. Pa zonse zimene tasintha, ichi ndiye ndingalimbikitse aliyense kuti achite pa tsiku loyamba. Nambala imodzi ya kutentha sikuuzani kanthu pa ntchito ngati imeneyi.

3 Malichi: madzi ndi masamu

Pa molekyu iliyonse ya methane pakubwera awiri a madzi. Madziwo anadzaza paipi yopita ku gas chromatograph, makina amene amalekanitsa mipweya n'kutiuza kuchuluka kwake. Kolamu yathu ya molecular sieve 5A, kachubu ka m'makinawo kolekanitsira mipweya, imagwira madzi ndi CO2 osawataya, ndipo ikanyowa mizere imene makinawo amajambula ya nitrogen, methane ndi CO imayandikana mpaka kuphatikizana. Tinaiwotcha usiku wonse kuti iume. Taika botolo lozizira lokhala m'madzi oundana, kenako kachubu ka mankhwala oumitsa, ndipo paipi yochokera ku ng'anjo taikulunga ndi lamba wotenthetsa kuti madzi asadonthere pamalo olakwika. CO2 akudutsa pa kolamu ina.

Mpweya wonyamulira mu makinawo unatidyeranso nthawi. Ndi helium, hydrogen saoneka bwino chifukwa awiriwa amayendetsa kutentha mofanana. Ndi argon, hydrogen amaoneka bwino koma CO2 amazimiririka. Tasankha helium, popeza chimene tikutsata ndi carbon.

Masamu nawo ali ndi msampha. Mukalowetsa mamililita 20 a CO2 ndi 80 a hydrogen, zonse n'kusanduka, madzi n'kuchotsedwa, mumatsala ndi mamililita 20 okha a methane. Mpweya wotuluka wachepa kasanu. Mukangoyerekezera peresenti ya CO2 wolowa ndi ya wotuluka, yankho lanu likhala lolakwika kwambiri, chifukwa CO2 wotsalayo akuoneka wambiri mu mpweya umene wachepa. Tikulowetsa nitrogen wodziwika kuchuluka kwake, amene sasintha, ndipo mpweya uliwonse tikuuyeza poyerekezera ndi iye. Pamapeto timawerengera carbon wolowa ndi wotuluka. Akapanda kufanana, tsiku limenelo sitililemba m'buku la zotsatira.

11 Malichi: kuzimitsa

Lamulo ili talimata pa khoma. Nickel akakumana ndi CO pa kutentha kochepa, makamaka pansi pa madigiri 150, amapanga nickel carbonyl, amene Ludwig Mond anamupeza mu 1890. Amawira pa madigiri 43, ndiye amauluka mosavuta, ndipo ndi poizoni wakupha ngakhale atachepa kwambiri. Katalisiti yathu imapanga CO pang'ono nthawi zonse. Choncho timatseka CO2 ng'anjo ikadali pamwamba pa madigiri 250, kutsuka chubu ndi hydrogen kenako nitrogen, ndiye n'kuzimitsa. Magetsi akathima mwadzidzidzi, valavu ya CO2 imadzitsekera yokha ndipo ya nitrogen imatseguka.

Potulutsa katalisiti, nickel wopanda okosijeni amatha kuyaka akakumana ndi mpweya wamba. Timayamba tadutsitsa okosijeni 1 peresenti mu nitrogen chubu chitazizira.

24 Malichi: kuyesa kusunga hydrogen

Silinda ya hydrogen ikutha mofulumira kuposa zinzake zonse. Kilogalamu imodzi ya methane imafuna theka la kilogalamu ya hydrogen ndi makilogalamu 2.75 a CO2, ndipo theka la hydrogen ameneyo limangothera m'madzi. Kupanga kilogalamu imodzi ya hydrogen ndi magetsi kumadya pafupifupi ma kWh 50 kapena kuposerapo. Apa ndi pamene pagona mtengo weniweni wa ntchito yonseyi, ku labotale ngakhale ku fakitale, ndipo katalisiti iliyonse iyenera kuweruzidwa poona ngati ikuwononga hydrogen popanga zinthu zosafunika.

Tinayesa kuchepetsa hydrogen kufika pa magawo awiri okha pa gawo limodzi la CO2. Patapita maola, geji ya kutsogolo kwa chubu inayamba kukwera, kusonyeza kuti njira ikutsekeka, ndipo carbon wotuluka anaperewera pa wolowa. Titatsegula tinapeza mwaye wakuda utamatirira katalisiti. CO akachuluka, hydrogen n'kuchepa, mamolekyu awiri a CO amasiya carbon pa nickel. Tabwerera pa magawo anayi.

8 Epulo: sulufule

Tinafuna kuona ngati katalisiti ingalandire biogas, mpweya wochokera ku zinthu zowola, amene ali kale ndi methane woposa theka ndipo chotsalacho chambiri ndi CO2. Tinamudutsitsa pa makala okonzedwa osefera, tikuganiza kuti zakwanira.

Poyamba zonse zinaoneka bwino, ndipo zotuluka sizinasinthe. Chimene chinasintha ndi malo a moto. Pokoka thermocouple, pamalo potentha kwambiri panali patasuntha kuchoka kumayambiriro kwa katalisiti n'kutsikira pansi. Madzulo panali patatsikanso. Hydrogen sulfide, mpweya wa sulufule wotsalira mu biogas, anali kupha nickel mzere ndi mzere, ndipo ntchito inali kusamukira kwa amene akadali moyo, monga moto wolusa umene umasiya lupsa m'mbuyo. Pamene methane anayamba kuchepa, katalisiti pafupifupi yonse inali itatha kale. Tinayesa kuitsuka ndi hydrogen pa madigiri 500, koma sinadzuke. Sulufule amagwira nickel mwamphamvu kwambiri, ndipo ngakhale wochepera gawo limodzi pa miliyoni amaunjikana pakapita nthawi.

Taika kachubu ka zinc oxide kutsogolo, kotenthedwa pa madigiri 350, komwe kamasandutsa hydrogen sulfide kukhala zinc sulfide. Makala aja akhalabe patsogolo pake kuti azichotsa wambiriyo. Malo a moto tsopano akukhazikika, ndipo timawayeza m'mawa ndi madzulo.

28 Epulo: kopa

Nkhani ya sulufuleyi ndi imene inachedwetsa kopa m'mafakitale. Kampani ya BASF inayamba kupanga methanol ku Leuna, ku Germany, mu 1923 ndi zinc ndi chromium, pa pulesha yoposa ma bar 200 (bar imodzi ndi pafupifupi pulesha ya mpweya wotizungulira), chifukwa mpweya wa malasha unali wodetsedwa kwambiri moti kopa sakanapirira. Mpweya woyera utapezeka, kampani ya ICI inayambitsa katalisiti ya kopa, zinc oxide ndi alumina mu 1966, ndipo pulesha inatsika kufika pa ma bar 50 mpaka 100. Banja lomweli la makatalisiti ndi limene anthu akuyesa nalo kupanga methanol kuchokera ku CO2, ntchito imene Carbon Recycling International inaiyamba pa fakitale yake ya ku Svartsengi, ku Iceland.

Katalisiti ya kopa siimwetsedwa ngati ya nickel. Tinasungunula ma nitrate a kopa ndi zinc, magawo 70 kwa 30, ndi aluminium pang'ono, n'kudontheza pamodzi ndi sodium carbonate m'madzi a madigiri 65, pH (muyeso wa asidi m'madzi) ili pa 6.5. Kudontheza pamanja kunakanika. pH inkakwera ndi kutsika, ndipo m'phala la buluu munaoneka timadontho takuda ta kopa oxide. Tinabwereka timapampu tiwiri, kena kakuyenda mosasintha, kena tikukasintha poyang'ana pH.

Gawo losangalatsa limabwera kudontheza kutatha. Phala lija limangotakasidwa pa kutentha komweko, ndipo pakapita kanthawi pH imatsika pang'ono, mtundu n'kusintha kuchoka pa buluu kupita ku buluu wobiriwira. Pamenepo kopa ndi zinc alowa m'mwala umodzi, zincian malachite, umene ukawotchedwa umasiya timiyala ta kopa ting'onoting'ono titatsamirana ndi zinc oxide. Mukasefa mtundu usanasinthe mwataya ntchito. Tinatsuka mobwerezabwereza kuti sodium achoke, kuwotcha pa madigiri 330, kenako kuchotsa okosijeni ndi hydrogen 5 peresenti, mosathamanga, osapitirira madigiri 250. Kopa sapirira moto ngati nickel, ndipo pamwamba pa madigiri 300 timiyala take timaphatikizana msanga.

12 Meyi: mipweya yomweyo, zotuluka zina

M'chubu chatsopano, pa madigiri 240, hydrogen magawo atatu ndi CO2 gawo limodzi. Methane sanaoneke n'komwe. Ndinayang'ana mzere wake kangapo chifukwa ndinali nditazolowera kuuona utatalika. Nickel amadula mfundo zonse ziwiri za pakati pa carbon ndi okosijeni n'kudzaza hydrogen. Kopa amasiya mfundo imodzi, n'chifukwa chake amatha kupanga methanol.

Koma methanol naye anali wochepa kwambiri. Chotuluka chachikulu ndi CO ndi madzi. Katalisiti ilibe mlandu apa. Mamolekyu anayi akusanduka awiri, ndipo kutentha kotuluka ndi ma kilojoule 49 okha pa mole, choncho popanda pulesha njira ya CO imapambana. Chubu cha quartz sichingapirire pulesha imeneyo.

26 Meyi: chubu chachitsulo

Ena m'gulu lathu akufuna tidumphire ku mafuta amadzimadzi, njira imene Franz Fischer ndi Hans Tropsch anaipeza ku Mülheim, ku Germany, m'zaka za m'ma 1920, imene kampani ya Sasol yakhala ikuigwiritsa ntchito ku Sasolburg, ku South Africa, kuyambira 1955 ndi ayironi, ndipo Shell ku Bintulu, ku Malaysia, kuyambira 1993 ndi cobalt. Ine ndakana kaye. Mafakitale amenewo amadyetsa CO. Cobalt ukamupatsa CO2 amapanga methane wambiri, ndipo ayironi wothiridwa potassium, amene amatha kusandutsa CO2 kukhala CO kaye kenako n'kulumikiza ma carbon, amatulutsa phula lofuna mapaipi otenthedwa ndi mabotolo olandirira amene tilibe. Timalize za methanol.

Chubu chachitsulo chafika pamodzi ndi valavu yosunga pulesha kumapeto ndi valavu yodzitsegukira yokha pulesha ikapitirira. Ziwirizi zadya ndalama zambiri kuposa makatalisiti onse amene tapanga chiyambire. Mkati taikamo kachubu ka quartz kuti mpweya usakhudze khoma, chifukwa CO wa pa pulesha amatha kunyamula nickel ndi ayironi a m'chitsulocho n'kukawatula pa kopa, ndipo methane angabwerere kudzera pamenepo. Lero tadzaza nitrogen mpaka ma bar 40 n'kusiya usiku wonse, tikulemba geji ndi kutentha kwa chipinda, popeza kuzizira kokha kumatsitsa singano. Ikakhazikika tiyesa ndi hydrogen wosungunulidwa, kenako chubu chopanda katalisiti, ndipo zikatero tilowetsa theka la galamu ya kopa wosakaniza ndi silicon carbide pa ma bar 30 ndi madigiri 240.